Kalumo ka mlendo, kapena ka mwana wapakhomo?

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambi umenewu ndaunena pabwalo la milandu, ndaunena pachinkhoswe, ndaunenanso polandira m'busa watsopano, osaukayikira ngakhale tsiku limodzi. Wandichititsa kuutembenuza uku ndi uku ndi mayi wina woimba wa ku Portugal, dzina lake Mariza, amene mdzukulu wanga adandimvetsera pa foni tsiku lina tikutong'ola chimanga pakhonde. Chipwitikizi sindichimva, kupatula timawu tiwiri titatu totola kwa abale athu a ku Tete. Koma mayiyu atangotsekula pakamwa, dzanja langa lidaima, chitsononkho chili chigwirire.

Nyimbo zakezo amazitcha fado, ndiye kuti zimene zidalembedweratu pa moyo wa munthu, zija ife timati chakudza sichiimba ng'oma. Zidabadwira mumzinda wa Lisbon m'zaka za m'ma 1800, m'makwalala opanikizika a anthu osauka monga Mouraria ndi Alfama, komwe kunkasonkhana amalinyero, zidakwa ndi akazi oyendayenda. Amene amamutchula ngati gogo wa nyimbozi ndi Maria Severa wa ku Mouraria, yemwe adamwalira mu 1846 ali ndi zaka 26 zokha. Kaimbidwe kake n'kosafuna zambiri. Woimba amaima chilili, ngati ndi mkazi afunda shawelo yakuda, pambali pake pali gitala wamba ndi gitala wa Chipwitikizi wa mimba yobulungira, wa zingwe 12. Nthawi ikakwana amachepetsa nyale, odya aika pansi masipuni, wolankhula amamuyang'ana ndi diso lofiira. Eni ake amati mtima wa fado ndi saudade, ndipo amanyadira kuti liwu limeneli silimasulirika m'chinenero china. Apa ndiye ndimaseka. Agogo athu aakazi amene amuna awo adatchona ku Joni ndi ku Halale ankalidziwa bwino lomwe. Ndi kupukwa.

Tsono fado idafika pofooka. Boma lankhanza la Salazar lidaikonda nyimboyi chifukwa munthu amene wavomera kuti zonse zidalembedwa kale savuta kulamulira. Asilikali atagwetsa bomalo pa 25 Epulo 1974, achinyamata adaifulatira fado ngati chovala cha mfiti. Ngakhale Amália Rodrigues, mfumukazi ya nyimbozi imene idazungulira nazo dziko lonse lapansi, ena adamuloza chala kuti ankadyera mbale imodzi ndi boma lakale. Tsabola wakale sawawa, adatero ana a nthawi imeneyo, natembenukira ku nyimbo za ku England ndi ku America.

Boma lankhanza lija lisanagwe, pa 16 Disembala 1973, ku Lourenço Marques, mzinda umene lero timati Maputo, kudabadwa kamwana kosakwana masiku, Marisa dos Reis Nunes, amene ndiye Mariza uja. Bambo ake anali Mpwitikizi, mayi ake a ku Mozambique komweko. Dzikolo litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, Apwitikizi ambiri adamanga akatundu. Ochokera ku Angola ndi ku Mozambique adakhamukira ku Portugal pafupifupi theka la miliyoni, ndipo kumeneko adawapatsa dzina loti retornados, obwerera, chonsecho ambiri mwa iwo dzikolo anali asanalipondepo. Banja la Marisa lidafika ku Lisbon mwanayo ali ndi zaka zitatu, nilikakhala ku Mouraria, kwawo kwenikweni kwa Severa. Makolo adatsekula kanyumba kogulitsiramo chakudya ndi vinyo, nakatcha Zalala, dzina la gombe lina pafupi ndi Quelimane. Wosamuka amanyamula zimene angathe, ndipo chosalemera kunyamula ndi dzina.

M'kanyumba kameneka ndi mmene mwanayo adayambira kuimba fado ali ndi zaka zisanu. Popeza kuwerenga anali asanakudziwe, bambo ake ankamujambulira tizithunzi papepala kuti azikumbukira mawu a nyimbo. M'mera mpoyamba. Ndiye ndikufunseni, inu odziwa miyambi: mwana amene wakula akununkha utsi wa nsomba zootcha za ku Mouraria, akugona tulo magitala akulira kuseri kwa chitseko, ameneyo ndi mlendo? Pakhungu ndi pa chikalata chobadwira, inde. Pakhutu ayi.

Atasinkhuka adaisiya fado. Anzake ankaiona ngati nyimbo ya nkhalamba, ndipo iyenso adakopeka ndi zoimba za anthu akuda a ku America, soul ndi jazz, naziimba m'mabala a ku Lisbon ndi timagulu ta achinyamata. Adakakhalakonso ku Brazil akuimba za kumeneko. Wina akadamuona nthawi imeneyo akadati mwana watayika. Ine ndikuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kumeneko ndiye adakaphunzira zimene m'nyumba za fado samaphunzitsa: kuyenda pansanja, kugwira khamu ndi maso, kusewera ndi mpweya mpaka omvera aiwale kupuma. Kalumo kaja kadasulidwira pakhomo, koma kunoledwa kadakanoledwa kutali.

Amália adamwalira pa 6 Okutobala 1999, boma nililamula masiku atatu a maliro. Anthu aja amene ankati tsabola wakale sawawa adadzaza misewu akulira. Umu ndi mmene tilili anthufe, mtengo timauyeza utagwa. Pa zoimbaimba zokumbukira malemuyo ku Lisbon ndi ku Porto adaitanako oimba achinyamata, ndipo mmodzi mwa iwo anali mtsikana wamtali, wowonda, watsitsi lalifupi lopaka utoto woyera, amene anali atabwerera ku fado n'kumaimba m'nyumba za fado ngati Senhor Vinho ya Maria da Fé. Ambiri adamuona koyamba pa kanema nthawi imeneyo.

Musaganize kuti zitseko zidangotseguka. Chimbale chake choyamba, Fado em Mim, chimene adachikonza ndi Jorge Fernando mu 2001, makampani a ku Portugal sadachithamangire, poti ankati fado siyenda malonda. Idachitola ndi kampani yaing'ono ya ku Netherlands, World Connection. Apa mwambi wanga uja udatembenuka chadodolido: mlendo wa kalumo adakhala Mdatchi, amene adaona chimene eni mudzi sadachione. Mu 2002 Mariza adaimba nyimbo ya fuko lake pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse, Portugal ikukumana ndi South Korea. Mu 2003 wailesi ya BBC Radio 3 idamupatsa mphoto ya woimba wopambana wa ku Ulaya pa nyimbo za mitundu ya anthu. Kenaka kudabwera Carnegie Hall, Sydney Opera House, Royal Albert Hall, nyimbo ina yoimba ndi Sting ya masewera a Olimpiki a ku Athens mu 2004. Mndandanda wake ndi wautali, ndipo wondisangalatsa ine si umenewo.

Ndisamukweze yekha ngati adagwa kumwamba. Mutu umodzi susenza denga. Iye asanatchuke, Mísia, Camané, Cristina Branco ndi Mafalda Arnauth anali atayamba kale kukolezera moto m'zaka za m'ma 1990, pomwe mkulu Carlos do Carmo sadausiye kuti uzime ngakhale pa zaka zovuta zija. Pambuyo pake padabwera Ana Moura ndi Carminho. Chimene Mariza adaposa nacho anzake ndi kulimba mtima kotulutsa fado m'kachipinda ka mipando makumi angapo n'kukaiimika pamaso pa anthu zikwizikwi osamva liwu ndi limodzi lomwe la Chipwitikizi, monga ine ndi chitsononkho changa.

Osunga mwambo adang'ung'udza, ndipo sindiwanyoza, pakuti galu wamkota sakandira pachabe. Adati tsitsi limenelo si la fado, madiresi amenewo si a fado, malipenga ndi ng'oma zikufunanji apa? Pa chimbale cha Terra cha mu 2008, chimene adakonza ndi Javier Limón wa ku Spain, adaitana Tito Paris wa ku Cape Verde, Concha Buika, ndi Chucho Valdés wa ku Cuba. Kunena zoona, pa nyimbo zina za m'zimbale zapambuyo ndimamva shuga atachuluka, misozi ikuchita ngati yoitanitsa. Walira mvula walira matope: ukafuna dziko lonse likumvere, umayamba kuphika zokomera aliyense. Koma nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo mayiyu njira yobwerera kumudzi amaidziwa. Mu 2010 adatulutsa Fado Tradicional, magitala okhaokha ndi mawu, ngati kuuza ong'ung'udza aja kuti zanuzi ndidaziyamwa. Mu Novembala 2011, bungwe la UNESCO litaika fado pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, akazembe a pempho loti fado ilowe pa mndandandawo anali awiri: Carlos do Carmo, mwana wa Lisbon weniweni, ndi mwana wobadwira ku Lourenço Marques uja. Mu 2020, pokumbukira zaka 100 chibadwire Amália, adajambula chimbale chathunthu cha nyimbo za malemuyo.

Ku Africa nako sadakutaye. Chimbale cha Transparente cha mu 2005, chojambulidwa ku Brazil ndi Jaques Morelenbaum, chidatenga dzina ku nyimbo yonena za agogo ake aakazi achikuda. M'dziko limene ambiri obwerera ankabisa komwe adachokera kuti asanyozedwe, iye adaimika agogo akewo pakati pa bwalo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chaka chomwecho, pa zoimbaimba za Live 8, adakaimba ku Eden Project ku Cornwall, pansanja imene adaikonzera oimba a ku Africa. Taonani nkhani yake: Angerezi omwe adamupatsa mphoto ya ku Ulaya ndi omwenso adamuika m'gulu la Aafirika. Ndipo ku Los Angeles mu 2007, katswiri womanga nyumba Frank Gehry adamukonzera nsanja ya Walt Disney Concert Hall kuti ioneke ngati kanyumba ka vinyo ka ku Lisbon, matebulo ndi mipando yomwe. Munthu kuwoloka nyanja zonsezo, n'kukapezanso Zalala akumudikira!

Kanema amene mdzukulu wanga adandionetsa ndi wa mu 2005, m'munda wa pafupi ndi nsanja yakale ya Belém, m'mphepete mwa mtsinje wa Tejo. Kuchokera pagombe limenelo ndi pomwe Vasco da Gama adanyamuka ndi zombo zake mu 1497, ndipo kumayambiriro kwa 1498 adakocheza pamtsinje wa ku Quelimane, kufupi ndi Zalala weniweni. Usiku umenewo Mariza ankaimba Ó Gente da Minha Terra, mawu ake olemba Amália, maimbidwe ake opeka Tiago Machado, nyimbo yolankhula ndi anthu akwawo kwa woimbayo. Ili pakati, mawu adamuthawa. Adagwira kumaso, misozi ili chuchuchu, magitala akupitirira okha, khamu lonse likuwomba m'manja kumudikira kuti apeze mpweya.

Mdzukulu wanga adandiyang'ana. "Agogo, nanga anthu akwawo amene akuwalirirawo ndi ati, a ku Lisbon kapena a ku Maputo?"

Ndidatola chimanga china m'dengu, ndi kumuuza kuti aibwezere nyimboyo poyambira.