Kalumo ka Mlendo pa Mayeso a Masters

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mayunivesite ambiri anaika nzeru imeneyi m'malamulo: pa gulu loyesa kafukufuku wa digiri ya masters pasasowe katswiri wochokera ku yunivesite ina. Si zachilendo. Yunivesite ya Durham ku England, yomwe inakhazikitsidwa mu 1832, inkaitana oyesa kuchokera ku Oxford.

Mphunzitsi amene wayenda ndi wophunzira zaka ziwiri, maso ake amazolowera zolakwika, chifundonso chimamugwira dzanja. Mlendo saopa nkhope ya munthu. Amatha kufunsa mosapsatira kuti anthu khumi okha amene afunsidwawo akuimira bwanji boma lonse.

Komatu kalumo kamachekanso khungu. Woyesa wosalidziwa bwino phunzirolo amagwetsa wophunzira popanda chifukwa. N'chifukwa chake dzina lake limayamba lavomerezedwa ndi akuluakulu a yunivesite, osangotola mnzako wakumowa.