Dzimbiri, bawuti ndi chifuniro cha Mulungu

Mvula ikangoyamba mu Novembala, njinga zamoto za kabaza zimayamba kusintha mtundu. Matope amamatirira pansi pa injini, m'masipoko ndi kuseri kwa madigadi, ndipo pofika Febuluwale mitu ya mabawuti imakhala itafiira. Makaniko wa pansi pa mtengo ku Mchesi kapena ku Ndirande amaidziwa bwino nyengo imeneyi. Amakoleka sipanala pa nati, n'kutsamirapo ndi thupi lonse, nati osasuntha. Amaithira oyilo, kuigogoda ndi hamala, mwinanso kuiwotcha ndi moto. Tsiku loipa bawuti imathyokera m'kati, ntchito ya mphindi zochepa n'kufika nayo madzulo.

Chitsulo sichipezeka m'nthaka chili chonyezimira. Chimakhala m'miyala chitagwirana ndi mpweya wa okosijeni, ndipo n'chomwecho chimene chimafiiritsa dothi la katondo. Makolo ankachilekanitsa ndi mpweyawo m'ng'anjo za makala. Zotsalira za ng'anjo zotere zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu, ndipo Aphoka a kumapiri a Rumphi ankatchuka ndi makasu osula okha. Mafakitale a ku India ndi ku China, kumene kumachokera njinga zambiri za kabaza, amachita zomwezo ndi ng'anjo zikuluzikulu. Koma chitsulocho chikangokumana ndi madzi ndi mpweya, chimayamba kubwerera kumene chinachokera. Dzimbiri ndi kubwerera kumeneko. Popeza limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, limatupa m'timizere ta bawuti n'kumanga nati nganganga.

Ngati ndi mmene Mlengi anachikonzera chitsulo, munthu wolimbana ndi dzimbiri akulimbana ndi ndani?

Funsoli si lachibwana. Mu Mateyu 6 Yesu anatchula njenjete ndi dzimbiri pochenjeza anthu ounjika chuma padziko, ndipo kalata ya Yakobo imatchulanso dzimbiri podzudzula olemera. Alaliki amawakonda mavesi amenewa, ndipo wina akawamva mwachidule angaganize kuti kutopa ndi zitsulo n'kutaya nthawi, popeza zonse n'zotha. Maganizo omwewo amamveka pa siwa, wokwera kabaza akafa pa ngozi: inali nthawi yake, tsoka silinunkha, zonse ndi Mulungu. Mawu amenewa amatonthoza ofedwa, ndipo palibe wanzeru angakangane nawo pamaliro. Vuto limabwera akachoka pa siwa n'kukafika pa siteji, n'kusanduka chifukwa chosiyira kandodo ka buleki kali kodyeka.

Dzimbiri silibwera mobisa ngati mphenzi. Limayamba ndi kadontho kofiira, kenako timaenje, kenako chitsulo chimafunduka ngati khungwa la bulugamu. Pamatenga miyezi, ndipo miyezi yonseyo maso amakhala akuona. Ngozi yochokera pa bawuti yotere imakhala itapereka chenjezo kambirimbiri, choncho kuikankhira kwa Mulungu n'kumusenzetsa katundu wa munthu. Malemba omwewo sanasiye nkhaniyi m'malere. Deuteronomo 22:8 imalamula womanga nyumba kuti atchinge m'mphepete mwa denga lake lathyathyathya, kuti wina akagwa mlandu wa magazi usakhale pa nyumbayo. Lamulolo silinena kuti wogwayo inali nthawi yake, limaloza womangayo. Asilamu a ku Mangochi ndi ku Machinga amadziwanso nkhani ya munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad ngati amange ngamila yake kapena aisiye n'kudalira Mulungu, ndipo anauzidwa kuti aimange n'kudalira Mulungu. Chimene Mateyu akudzudzula ndi mtima wogona pa chuma. Mnyamata wopaka girisi pa ekiselo m'mawa sakuunjika chuma chilichonse. Akukonzekera kunyamula mayi wopita ku sikelo ndi mwana kumsana.

Ndipo ntchitoyo ili ndi nzeru zake, zimene ambiri amazidziwa mwatheka. Matope amasunga chinyezi, n'chifukwa chake kutsuka njinga n'kuiumitsa kumaposa mankhwala ambiri odula. Mchere umafulumizitsa dzimbiri, ndipo feteleza ndi mchere womwewo m'machitidwe ake: thumba la yureya likamatayikira pa kariya nthawi yobzala, mabawuti a kumbuyo ndi amene amayamba kutha. Mitu ya batire imafuna kupukutidwa n'kupakidwa vasilini. Tcheni chimafuna oyilo, koma pa buleki pasafike ngakhale kadontho.

M'thanki ndiye muli nkhani ina. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Wakabaza amene amathira lita imodzi n'kudikira kasitomala amayenda ndi thanki yodzadza mpweya. Usiku kukazizira, mame amachita m'kati momwemo, ndipo tizidutswa ta dzimbiri timakatseka kabyuleta. Apa umphawi ndi dzimbiri zimathandizana, chifukwa wodzadza thanki ndi amene ali nazo.

Mabawuti ambiri amabwera atakutidwa ndi zinki, monga zimakhalira ndi malata ofolera nyumba. Zinki amadyeka m'malo mwa chitsulo, ndipo ngakhale pokandika amapitiriza kuteteza mpaka atatha. Wopala bawuti ndi sandipepa kuti iwale amakhala akuchotsa mlonda wakeyo. Pamene bawuti yachitsulo yalowa mu aluminiyamu wa injini, madzi akafikapo, aluminiyamuyo ndiye amadyeka, n'kumatuluka ufa woyera. Kagirisi pang'ono pomanga kamaletsa zimenezi, bola womangayo akumbukire kuti bawuti yoterera imathina msanga ndipo ikhoza kudula timizere. Chitsulo chosachita dzimbiri, chimene Harry Brearley anachipanga ku Sheffield mu 1913 pothira chromium wambiri, chimaoneka ngati yankho lomaliza, koma mabawuti ake ambiri a m'sitolo salimba ngati aja olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu. Pa buleki ndi pa mashoko, manambala amenewo ndi ofunika kuposa kuwala.

Palibe mwa njira zonsezi imene imagonjetsa dzimbiri kotheratu. Zimangolichedwetsa. Njinga iliyonse idzathera kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo pamenepa alaliki sakunama. Koma chakudya chimene mayi amaphika lero sichiletsa njala ya mawa, ndipo palibe amati kuphikako n'kukana chifuniro cha Mulungu. Moyo wa zolengedwa umasungidwa ndi ntchito zobwerezabwereza zoterezi.

Chovuta kwenikweni n'chakuti udindowo uli pa ndani. Anyamata ambiri a kabaza amayendetsa njinga za eni, n'kumapereka ndalama yogwirizana tsiku lililonse kapena pa sabata. Woyendetsa amati girisi ndi wa bwana, popeza njinga si yake. Bwana amati woyendetsa ndiye amakhala nayo, aziona yekha. Pakati pa awiriwa bawuti imapitiriza kufiira. Lamulo la denga lija limapereka mlandu kwa mwini nyumba, ndipo n'koyenera kuti mwini njinga azitulutsa ndalama yokonzetsera asanawerenge phindu. Komabe amene amamva buleki ikulowa pansi kwambiri ndi woyendetsa, ndipo ndi iye amene amauza kasitomala kuti akwere. Magulu a kabaza amene amalembetsa mamembala ndi kutolera ndalama pa siteji akhoza kuyambira pomwepo: pangano lililonse la bwana ndi woyendetsa lizinena momveka amene adzagule girisi, oyilo wa tcheni ndi mabawuti atsopano mvula isanagwe.