Tawulo la Mlendo ndi Chikumbumtima cha Mwini Hotela

M'chaka cha 1986, Jay Westerveld, katswiri wa zachilengedwe wa ku America, adalemba za kakalata kamene mahotela amaika m'bafa kopempha mlendo kuti agwiritsenso ntchito tawulo lake pofuna kuteteza chilengedwe. Ali ku Fiji, iye adaona kuti hotela imene inkapempha zimenezi inali kalikiliki kuwonjezera nyumba zake m'mphepete mwa nyanja. Kuchapa matawulo ochepa kunkapulumutsa madzi ndithu, koma kunkapulumutsanso sopo, magetsi ndi ndalama za mwini hotela. Khalidwe lotere adalitcha greenwashing. Funso limene adasiya likadali lamoyo: kodi chabwino chochitidwa chifukwa cha phindu chingatchedwebe chabwino?

Immanuel Kant, m'buku lake la mu 1785, adapereka chitsanzo cha wogulitsa m'sitolo amene sakweza mtengo akabwera mwana wosadziwa kuwerengera. Ngati akutero poopa kutaya makasitomala, ndiye kuti ndi wochenjera chabe. Ulemu wa chilungamo sungamugwere. Mwini hotela angayankhe kuti madzi sadziwa mtima wa amene adawasunga. Opulumutsidwa chifukwa cha dyera amapha ludzu mofanana ndi opulumutsidwa chifukwa cha chifundo. Yankholi lili ndi mphamvu. Mababu a LED, makina otenthetsa madzi ndi dzuwa ndiponso mipopi yotulutsa madzi pang'ono zimadula pogula, koma zimatsitsa mabilu mwezi ndi mwezi mpaka ndalamazo zitabwerera. Hotel Verde, imene idatsegulidwa mu 2013 pafupi ndi bwalo la ndege la Cape Town, idamangidwa pa chikhulupiriro chimenechi. Pamene phindu ndi udindo zikuyenda njira imodzi, palibe chifukwa chodandaulira.

Mayeso amafika pa mphambano. Mu February 2018, chilala chitafika posauzana, mzinda wa Cape Town udalamula kuti munthu aliyense asapyole malita 50 a madzi patsiku. Hotela ya Westin idaika makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja. Potero idasiyira ena madzi a mzinda, ndipo nayo malonda ake sadaime. Komabe makina otere amadya magetsi ambiri, ndipo magetsi ambiri a m'dzikolo amachokera ku malasha, amene utsi wake amaupuma ndi anthu a ku Mpumalanga. Mtolo sudatheretu, gawo lina lidangosamukira pamutu pa wina amene dzina lake silipezeka m'mabuku a ndalama a hotela iliyonse.

Apa m'pamene kuwerengera phindu kumaperewera, pakuti mabuku a kampani amalemba zokhazo zimene kampaniyo yalipira. Mtsinje wolandira madzi oipa sutumiza bilu. N'chifukwa chake muyeso wabwino wa chikumbumtima cha mwini hotela ndi makina amene mlendo sadzawaona, monga oyeretsa zonyansa zisanathiridwe mumtsinje. Makinawa sakopa alendo, ndipo kawirikawiri sabweza msanga ndalama zake. Amene wawagula popanda lamulo lomukakamiza wavomereza kuti ali ndi ngongole kwa anthu okhala kumunsi kwa mtsinjewo.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Amagona masiku atatu, napachika tawulo lake, nkumapita. Otsala ndi amayi otunga madzi kuseri kwa mpanda wa hotela, ndipo iwowa ndiwo angathe kunena ngati mwini wake ndi wolungama kapena wochenjera chabe.