Mafunso Anai a Wogulitsa Miphika

Mu mzinda wa Chicago, m'dziko la America, amuna anai anasonkhana pa 23 February 1905 m'cipinda ca nchito ca mmodzi wa iwo. Wina anali loya, ndiye woimira anthu pa mirandu, dzina lace Paul Harris. Wina wogulitsa malasha. Wina wodziwa za migodi. Ndi wina telala. Sanasonkhanira kupemphera kapena kuweruza mlandu iai, koma anafuna cibwenzi. Pakuti mzinda waukuru uli ngati thengo, anthu ngocuruka koma wokudziwa dzina palibe. Napangana kuti azikomana kawiri kawiri, lero kwa uyu, tsiku lina kwa uyo, mozungulira. Ndipo kuzungulirako ndiko kunapatsa bungwe lao dzina lakuti Rotary. Lero bungweli lafikira maiko ambiri, ndi kwathu kuno liriko, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. A m'bungwemo ndiwo anthu a malonda ndi a nchito za mitundu mitundu, amene asonkha ndalama ndi nthawi yao kuti athangate ena; ndipo kuyambira 1985 anadzipereka kulimbana ndi nthenda yopuwalitsa ana ija, ya poliyo. Cotero mai amene anagwirapo mwana wace kuti amdonthezere mankhwala a nthendayi m'kamwa, anakomanapo nayo nchito ya anthuwa, angakhale sawadziwa.

Koma sindifuna kunena za ndalama zao. Ndifuna kunena za mafunso anai amene a m'bungwemo aphunzitsidwa kudzifunsa pa zonse aziganiza, azinena, ndi kuzicita. Ndiponso za funso lacisanu, langa langa, limene landibvuta ine ciwerengere mbiri yao.

Mwini mafunsowo ndiye Herbert Taylor, wa m'bungwe la ku Chicago komweko. M'caka ca 1932, pamene malonda a dziko lonse lapansi anali atagwa, mabanki ali kutsekedwa, ndi anthu zikwi zikwi ali kuyenda m'miseu osowa nchito, anampempha iye kuti apulumutse kampani yochedwa Club Aluminum, yogulitsa miphika ndi masefuliya a aluminiyamu. Mangawa a kampaniyo anaposa cuma cace conse ndi madola 400,000, ndipo anthu 250 ogwiramo nchito anali pafupi kutaya nsima yao. Taylor anali nayo nchito yabwino kwina. Koma anaisiya, nabvomera malipiro ocepa ndithu, naikamo madola 6,100 a iye mwini. Ndipo m'mene anapenya zonse, anaona kuti makampani ena amposa ndalama, amposanso mbiri, ndi kuti cinthu cimodzi cokha cimene angawapose naco ndico makhalidwe a anthu ace. Pokhala munthu wopemphera, anapempha Mulungu amthandize kupeza mau owerengeka, oti wanchito ali yense awasunge pamtima. Poyamba analemba mau ngati 100, naona kuti acuruka. Nawafupikitsa akhale mitu 7, naona kuti acurukabe. Potsiriza pace anatsala mafunso anai, a mau 24 m'Cingelezi.

Loyamba lifunsa ngati cinthuco ciri coona. Laciwiri, ngati cicitira cilungamo onse amene ciwakhudza. Lacitatu, ngati cidzamanga kukomerana mtima ndi kulimbitsa cibwenzi. Lacinai, ngati cidzapindulira onse amene ciwakhudza. Ndiwo omwewo, palibenso lina. Asanawapereke kwa anchito, Taylor anaitana akapitao ace anai, ndiwo Mkatolika, Myuda, wa mpingo wa Presbyterian, ndi wa mpingo wa Christian Science, nawafunsa ngati mulimo kanthu kotsutsana ndi cipembedzo cao. Ndipo onse anati mulibe. Ici candikomera ine. Pakuti pa msika sitigulana ndi a mpingo wathu okha, ndipo muyeso woyesera malonda uyenera kukhala woti Msilamu wogulitsa nsomba ndi Mkristu wozigula aulandire onse awiri.

Candikomeranso kuti analemba mafunso, osati malamulo. Ife aphunzitsi tidziwa kuti mwana akhoza kuloweza lamulo pamtima wosalimva konse, monga aloweza matebulo. Koma funso limumiriza aganize yekha. Lamulo lifuna kapitao woliyang'anira, ndipo kapitao akacoka lamulo licoka naye. Funso lipita ndi munthu kumunda, ku sitolo, ndi pa mphasa usiku.

Onani tsono umo mafunsowo analowera m'nchito. Anayamba ndi mapepala oitanira malonda. Pamenepo panali mau akuti miphika yao iposa yonse ya pa dziko lapansi. Ndipo Taylor anadzifunsa ngati angathe kutsimikiza mauwo, napeza kuti sangathe, nawafafaniza. Kuyambira pomwepo analemba zokhazo anazidziwa za mphikawo. Ogulitsa ao analetsedwa kunyoza katundu wa makampani ena. Koma izi nzopepuka. Kufafaniza bodza la pa pepala sikupweteka kwambiri. Zolemera zinadza m'mbuyo mwace.

Tsiku lina munthu wa malonda anafuna kugula ziwiya 50,000 nthawi imodzi, kampani ikali yomangidwa ndi mangawa. Koma kunamveka kuti iye afuna kukazigulitsa mochipa ndithu, kotero kuti eni masitolo amene anagulitsa miphikayo mokhulupirika masiku onse akadaonongeka nao malonda ao. Eni masitolowo munalibe m'cipindamo, ndipo sakadatha kudzinenera okha. Koma funso laciwiri linawachula, pakuti liti onse. Ndipo malondawo anakanidwa. Tsiku linanso wosindikiza mapepala, atapangana nao kale mtengo wa nchito yace, anadza nati analakwa powerengera, nacepetsa mtengowo ndi madola 500. Akadamuuza kuti pangano ndi pangano, lamulo silikadawatsutsa. Koma poona kuti munthuyo analakwadi, si kuti anafuna kuwacenjerera, anampatsa ndalamazo, pa nthawi imene dola liri lonse linali naye mwini woliyembekeza.

Kutha kwace kwa mbiriyi nkokondweretsa. Pofika 1937 mangawa onse anabwezedwa; mu 1943 bungwe la Rotary linalandira mafunsowo akhale a anthu ace onse; ndipo Taylor anakhala mtsogoleri wa bungwe lonse kuyambira 1954 kufikira 1955. Osimba mbiriyi akonda kuima pamenepa, nanena, Mwaona kodi? kuona mtima kulemeretsa munthu.

Apa ndipo pali funso langa. Kodi tizicita zoona ndi zolungama cifukwa zipindulitsa?

Miyambi ina ya makolo athu ikhala ngati iti inde. Ati, Kupatsa nkuika. Atinso, Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Sindinyoza miyambiyi. Pamudzi ikhala yoona kawiri kawiri, pakuti pamudzi tikhala ndi anthu omwe omwewo kufikira imfa, ndipo wonyenga mnzace pa licero la cimanga adzamfuna pa tsiku la maliro. Ndi bungwe la Rotary lomwe linayamba nayo nzeru yomweyi: masiku oyamba analandira munthu mmodzi yekha wa nchito iri yonse, telala mmodzi, loya mmodzi, kuti azigulana okha okha, za kutumikira akunja zinadza pambuyo pace. Koma nzeruyi iri ndi malire ace. Iphunzitsa kucitira zabwino iye amene angathe kubweza. Za mlendo wongopitirira, za mwana wotumidwa ku sitolo wosadziwa kuwerenga chenji, za wogula wa kutali amene sadzadziwa konse ndani anathira miyala m'thumba la mtedza, siinenapo kanthu.

Ndipo taganizani za tsiku lija anakana malonda a ziwiya 50,000. Ife tiwerenga mbiriyi titadziwa kale kutha kwace, iwo sanadziwa. Caka ca 1937 cinali cisanafike. M'zaka zomwezo makampani ambiri anagwa, ndipo sitingathe kunena kuti onse akugwawo anali onyenga, ndi onse otsalawo anali olungama. Kampani ya Taylor ikadagwa mwezi wotsatira cifukwa ca kukana kuja, kodi kukanako kukadasanduka kupusa? Ine nditi iai. Eni masitolo aja akadakhalabe osanyengedwa, ndi wosindikiza uja akadalandirabe zace. Cilungamo cikadacitika, cingakhale palibe akadacisimba. Munthu wocita zoona cifukwa ca phindu afanana ndi mbuzi yotsata mwini wace cifukwa ca madeya ali m'dzanja. Akadza wina ndi madeya ocuruka, idzatsata iyeyo. Tsiku limene bodza lidzalipira koposa, munthu wotere adzanama wosatsutsika mumtima, pakuti mbuye wace ndi yemwe uja, sanasintha.

Loya wina anauza Taylor poyera kuti akatsata mafunsowo monga alembedwa, adzafa ndi njala. Tisamseke munthuyo, ananena cimene ambiri a ife ticiganiza tiri cete. Ndipo pali cobvuta cinanso, cakuti nthawi zina mafunsowo aoneka ngati alimbana okha okha. Tinene kuti msungicuma wa banki m'khonde wadya ndalama za amai anzace. Inu mwadziwa, ndipo iye ndiye mlamu wanu. Mukanena, mwanena zoona. Koma kodi kunenako kudzalimbitsa cibwenzi? Kodi kudzampindulira iye? Wamantha apeza pothawira pamenepa, nati, Funso lacitatu landiletsa. Koma ine ndiyesa kuti mafunsowo sali ngati miyala inai yofanana, yoti munthu atolepo umene aukonda. Ali ngati kumanga nyumba, maziko poyamba, denga potsiriza. Loyamba ndi laciwiri atiuza cimene tiyenera kucita. Lacitatu ndi lacinai atiuza macitidwe ace. Mlamu wanuyo mumpitire kaye yekha, madzulo, si pa bwalo iai. Mumpatse mpata wakubweza, ndipo ngati nkutheka mumthandize njira yace. Koma musakhale cete. Wakutsina khutu ndi mnansi. Cibwenzi cosungika ndi kubisa mlandu wotere ndico cibwenzi ca anthu awiri cogulidwa ndi ndalama za ena.

Liu lolemera koposa m'mafunsowo ndilo laling'ono lija, lakuti onse. Ndipo licita kubwera kawiri. Anthu amene adyera pamodzi kawiri kawiri, monga acita a Rotary, ndi monga ticita ife m'makalabu a alimi ndi m'misonkhano yathu, msanga ayamba kuyesa kuti onse ndiwo amene akhala pa mphasa imodzi. Pogawa feteleza wa ngongole akumbuka iwo amene abwera ku msonkhano, naiwala wamasiye amene anatsala kunyumba ndi mwana wodwala. Sacita ici mwa nkhanza, koma cifukwa wosaonekayo alibe pakamwa. Wofunsa funso laciwiri moona mtima ayenera kuyamba wawerenga anthu amene palibe.

Sindilemba izi monga munthu wopambana. Zaka zambiri zapitazo, nditangoyamba kumene kuphunzitsa, ndinali nayo njinga imene felemu yace inathyoka pafupi ndi khosi. Mmisiri anaiocherera, ndipo ine ndinapakapo utoto wakuda, kotero kuti cipsera sicinaoneka. Pamene ndinasowa fizi ya mphwanga, ndinapita nayo ku msika. Anadza mnyamata wa kutsidya la mtsinje, wofuna njinga yonyamulira makala; naizungulira, naliza belu, nafinya matayala, nandifunsa, Aphunzitsi, kodi iyenda bwino? Ndinati, Iyenda bwino. Ndipo sindinanama, pakuti ndinadza nditakwera yomweyo. Anafunsa za cheni, ndinamuuza zoona. Anafunsa za mabuleki, ndinamuuza zoona. Za felemu sanafunsa. Koma ndinadziwa ine kuti pamene anaocherera paja pangasenze mphunzitsi ndi mabuku ace, koma matumba a makala pa njira ya miyala iai. Ndipo mnyamatayo anati, Popeza ndinu aphunzitsi, sindicita makani pa mtengo. Nawerenga ndalama, nazipereka ndi manja awiri.

Pamaso pa woweruza ali yense ndikadapambana funso loyamba tsiku lija, pakuti mau onse oturuka m'kamwa mwanga anali oona. Laciwiri ndilo linandigwetsa. Ndipo palibe coipa cinandigwera. Fizi inalipidwa, mphwanga anatsiriza sukulu, ndipo palibe munthu anadza kudzandinenera kwa amfumu. Ndikayesa ndi muyeso wa phindu, malonda aja aposa onse amene ndinacitapo. Mnyamatayo sindinamfunsa dzina lace, kapena mudzi wa kwao. Kufikira lero, ndikakomana ndi munthu wokankha njinga ya makala pa citunda, maso anga athamangira pa khosi la felemu, kuona ngati pali utoto wakuda.