Kodi Mwana wa ku Yunivesite ndi wa Yani?

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, mudzi wonse umakondwa. Amayi amaimba nthungululu, ndipo amalume amayenda monyadira. Koma pakapita masiku, pamatsala funso lolemera: kodi mwanayu akadya chiyani kumeneko, akagona pati, ndipo akavutika akadandaula kwa yani?

Anthu ambiri amayesa kuti wofika ku yunivesite watsazikana ndi mavuto. Iai, sizitero. Pamene University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ku Chichiri mu Blantyre, ophunzira anali 90 okha. Kudyetsa ndi kugoneka anthu ochepa chotere sinali ntchito yaikulu. Koma lero sukulu zotere zachuluka. Ya ku Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ndipo ya ku Thyolo mu 2014. Ophunzira ali zikwizikwi, ndipo nyumba zogona za pasukulu sizikwana. Ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda mu Zomba, nadzigulira okha ufa ndi makala. Mwana wa munthu wosauka amatha kulowa m'kalasi ndi njala, ndipo mutu wanjala sugwira maphunziro.

Tsono wina angafunse kuti, “Bwanji msonkho wa ine mlimi uthandize mwana wa eni, amene mawa adzandipitirira pa galimoto?” Funso ili si lopusa, ndipo liyenera kuyankhidwa. Taganizani za dokotala amene amachiritsa mkazi wanu, za mlangizi amene amayeza nthaka ya m'munda mwanu, ndi za mphunzitsi wa ku sekondale amene amaphunzitsa mwana wanu. Ambiri a iwo anadzera ku yunivesite. Akanabwerera kumudzi chifukwa cha njala, wotaya mukanakhala inu. Makolo athu anaona zimenezi kale, nati, “Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.”

Komatu thandizo ili si mphatso yongodya. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lotchedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ntchito zake zazikulu ndi ziwiri: kukongoza ndalama ophunzira osowa, ndi kutolera ngongole kwa amene anatsiriza maphunziro. Ntchito ziwirizi zili ngati chipereganyu. Wolandira lero ayenera kuponya mawa, kuti mnzake alandireko. Munthu amene anaphunzira ndi ngongole, napeza ntchito, koma nakana kubweza, sabera Boma lokha ayi. Iye amatsekera khomo mwana wina wosauka amene sanamuonepo. Pa ine ndekha ndiyesa kuti ili ndi tchimo lalikulu kuposa kuba mbuzi, pakuti mbuzi ikhoza kulipidwa, koma zaka za mwana zikapita sizibwerera.

Ndipo si ndalama yokha imene wophunzira amasowa. Amasowanso womlankhulira. Ife aphunzitsi timadziwa kuti mwana wovutika koposa ndiye amakhala chete koposa. Alipo mtsikana amene munthu wamkulu akumvutitsa ndi mawu achipongwe. Alipo wakhungu amene alibe mabuku a zilembo zopapasa. Alipo wamasiye amene mtima wake wasweka, ndi wina amene akuimbidwa mlandu wobera mayeso. Chifukwa cha otere, pa yunivesite pamakhala mkulu woyang'anira umoyo wa ophunzira, ndiponso bungwe la ophunzira lokhala ndi atsogoleri osankhidwa ndi anzawo. Kumudzi munthu sapita yekha pabwalo la milandu. Amapita ndi nkhoswe yake. Momwemonso wophunzira ayenera kukhala ndi woima naye, kuti asalangidwe asanamvedwe. Sukulu yophunzitsa malamulo ndi nzeru ikapanda chilungamo kwa ana ake, idzaphunzitsa chiyani?

Nayenso wophunzira ali ndi gawo lake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kupempha thandizo pamene wasowa si manyazi ayi. Manyazi ali pa kunama kuti ndiwe wamasiye pamene makolo ako ali ndi chuma, ndi kulanda potero malo a wosauka weniweni.

Tsono inu amayi ndi abambo amene mwayamba kuwerenga mutakula, mukudziwa kuwawa kwa kumanidwa sukulu kuposa ife tonse. Mwana wa m'mudzi mwanu akabwera ku tchuthi, musangomfunsa za mayeso. Mfunseni ngati akudya, ndi ngati akudziwa khomo logogoda akavutika. Mukakhala ndi kalichero ka ufa kapena ka nyemba, mpatseni. Ndipo mwana wanu akayamba ntchito, mukumbutseni za ngongole yake, pakuti kumbuyo kwake kuli mwana wina amene akudikira.