Mapanga awiri avumbwitsa

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mwambi umenewu umandifikira ndikaona mmene abale athu a kuno ku Birmingham, Walsall, Wolverhampton ndi Coventry akusungira makalata pa kompyuta. Munthu akalemba kalata n'kuiika mu foda ya Documents, mtima umakhala pansi, poganiza kuti ili m'nyumba mwake. Kale zinalidi choncho. Fodayo inkakhala mkati mwa kompyuta, ndipo mapulogalamu onse ankadziwa kuti ndiko koika ndi kotenga zinthu. Lero dzina ndi lomwe lija, maonekedwe ndi omwe aja, koma pa makompyuta ambiri malo ake anasintha eni ake asakudziwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 2016 kampani ya Apple inakonza zoti mafoda a Desktop ndi Documents a pa Mac azitha kukhala mu iCloud. Mu 2018 Microsoft inabweretsa zofananazo pa Windows: mafoda a Desktop, Documents ndi Pictures amasamutsidwa n'kulowa mu OneDrive. Munthu amaona uthenga womufunsa ngati akufuna kuteteza mafayilo ake, ndipo ndani angakane chitetezo? Amavomera. Pomwepo adiresi ya foda imasintha, pakati pake pamalowa mawu akuti OneDrive, ndipo zonse zili mmenemo zimayamba kukwera kupita ku makompyuta a kampaniyo. Mu 2024 olemba nkhani za makompyuta anadandaula kuti pa Windows 11 yatsopano zimenezi zinkayamba zokha munthu akangolowa ndi akaunti ya Microsoft. Ambiri mwa ife tagula makompyuta atsopano chifukwa thandizo la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025, choncho nkhaniyi yalowa m'nyumba zambiri nthawi imodzi.

Sindikunyoza luso limeneli. Mwana wasukulu ku Aston kapena ku Coventry akaiwala laputopu m'basi, ntchito yake ya chaka chonse amaipeza pa kompyuta ina. Namwino wotuluka usiku ku chipatala cha Queen Elizabeth kapena cha Heartlands amatsegula kalata yake pa foni ali pa siteji. Ndi zabwino ndithu. Koma walira mvula walira matope, ndipo matopewo ndi amene sitiuzana.

Zili ngati munthu wakusamutsirani chimanga usiku, kuchotsa m'nkhokwe yanu kukaika m'nkhokwe yake, n'kukusiyirani khomo lomwe lija kuti muzitapa monga mwa masiku onse. Malinga njira yopita kwa iye ili yotsegula, simuona kusiyana. Tsiku limene njira yatsekeka ndi pamene mumadziwa kumene chimanga chili. Kuyambira 2017 OneDrive imatha kusiya dzina lokha la fayilo pa kompyuta, fayilo yeniyeniyo ili kutali. Chizindikiro chake ndi kamtambo ka buluu pambali pa dzina. Kachongi kobiriwira m'kabwalo koyera kamatanthauza kuti fayilo yatsika koma ikhoza kubwerera malo akachepa. Kabwalo kobiriwira kodzaza ndiko kamanena kuti fayilo ikhala pa kompyuta nthawi zonse. Tizizindikiro titatu timeneti ndi tochepa ngati nyerere, koma amene akupita kumudzi ayenera kutiwerenga asanakwere ndege. Ukafika ku Ntcheu kapena ku Mzimba, netiweki ikuvuta, magetsi azima, kalata ya malo imene umafuna kuonetsa amfumu imangokhala dzina pa sikirini. Ndipo ukalumikiza kompyuta ku foni osaiuza kuti intanetiyo ndi yogula pang'onopang'ono, bandulo ya Airtel kapena TNM imatha ikukweza zithunzi za ukwati.

Pamene pandikhudza kwambiri ndi pa mapulogalamu amene amasunga zinthu zawo mu Documents mwakachetechete. Outlook yakale imaika mafayilo a makalata mu foda yotchedwa Outlook Files, mkati mwa Documents momwemo. Mapulogalamu owerengera ndalama, a nyimbo, a Baibulo, ngakhale magemu a ana, ambiri amachita chimodzimodzi. Foda ikasamuka, ena amaitsatira bwinobwino chifukwa amafunsa Windows kumene Documents ili lero. Ena anasunga adiresi yakale, ndiye amakagogoda pa khomo lopanda munthu n'kunena kuti fayilo palibe, kapena amatsegula yatsopano yopanda kanthu. Mwini wake amagwira mutu poganiza kuti zonse zafufutika, chikhalirecho zangosuntha. Palinso mafayilo amene sagwirizana ndi kukwezedwa akadali otsegula. Fayilo ya Outlook kapena ya Access imasintha mphindi iliyonse pamene munthu akugwira ntchito, ndipo kuikweza ili pakati pa kulembedwa kumatha kuiwononga. N'chifukwa chake opanga mapulogalamu a maakaunti amalangiza kuti fayilo yogwirira ntchito isakhale mu foda yotere, mukhale makope okha.

Tsono taganizirani a msungichuma a gulu lathu. Kuno kunja tili ndi magulu a mpingo, a chipereganyu, ndi ena osonkherana pakagwa zovuta kuti thupi la mbale likaikidwe kwawo. Mndandanda wa amene apereka umakhala mu Excel pa laputopu ya a msungichuma. Iwo akulemba ku Smethwick, a mlembi atsegula fayilo yomweyo ku Erdington intaneti itaduka, aliyense akuwonjezera mayina ake. Makompyuta akalumikizananso, nthawi zina pamabadwa mafayilo awiri, ina itawonjezeredwa dzina la kompyuta kumapeto. Pa msonkhano wa Lamlungu wina akuwerenga iyi, wina iyo, ndipo mayi amene anapereka mapaundi makumi asanu sakupezeka. Mapanga awiri avumbwitsa. Anthu amayamba kuyang'anana ndi diso lokayika, pamene palibe waba. Ubale umene tinaumanga movutika m'dziko la eni umasweka chifukwa cha foda.

Chinanso chofunika kuchimvetsa ndi ichi: kulumikiza si kusunga kope lapadera. Chimene wafufuta pa foni chimafufutikanso pa kompyuta, chifukwa ntchito ya makinawa ndi kufananiza mbali zonse. Munthu akaona uthenga woti malo adzaza, poti aulere ndi 5 GB okha ku OneDrive ndi ku iCloud komwe, amalowa pa intaneti n'kuyamba kuchotsa, poganiza kuti zenizeni zili kunyumba. Pobwerera ku laputopu amapeza mbee. Pali mpata wobweza: zofufutidwa zimadikira masiku 30 pa akaunti ya munthu payekha, ndi masiku 93 pa OneDrive ya kuntchito kapena kusukulu. Masikuwo akadutsa, madzi akatayika saoleka. Ngakhale kuzimitsa kulumikizako kumadzidzimutsa. Pa Mac, ukazimitsa, mafayilo amatsala mu iCloud Drive ndipo Documents ya pa kompyuta imaoneka yopanda kanthu mpaka uwabweze wekha. Pa Windows zakhala zikuchitikanso motero, mafayilo kutsalira mu foda ya OneDrive.

Ana anga amene muli pa ntchito yosamalira okalamba, ndi inu a ku yunivesite, pano mvetserani. Laputopu ya kuntchito kapena akaunti ya sukulu imakhala ndi malamulo oikidwa ndi eni ake, ndipo kawirikawiri Documents yake imalowa mu akaunti ya bungwelo. Mukaikamo chithunzi cha pasipoti, makalata a viza, setifiketi ya ubatizo ya mwana, mwaziika m'manja mwa abwana. Tsiku losiya ntchito kapena lomaliza maphunziro akaunti imatsekedwa, ndipo pakapita nthawi zonse zimachotsedwa. Mbali inayo ndi yoopsa koposa. Mukalemba za odwala amene mukuwasamalira pa kompyuta ya kunyumba, zolembazo zimakwera mu akaunti yanu, mwinanso n'kuonekera pa tabuleti imene ana akuseweretsa. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2018, ndipo silimva zoti sindinkadziwa. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu: mdzukulu amene anakukonzerani kompyuta n'kudina Yes paliponse sadzaitanidwa kukayankha, mudzaitanidwa ndinu.

Maganizo anga ndi akuti makampaniwa amayenera kufunsa momveka. Kunena kuti tikutetezereni mafayilo ndi nkhani ina, kunena kuti tikusamutsa foda yanu ndipo mukadzafufuta kuno zidzafufutika konse ndi nkhani inanso. Munthu wamkulu ali ndi ufulu womva zonse ziwiri asanavomere. Ndiponso malo aulere akadzaza, uthenga wotsatira umakhala woti mugule ena mwezi ndi mwezi, ndiye sitingati chifundo chokha ndicho chikuyendetsa zinthu. Komabe mbali yathu ilipo. Safunsa adadya phula. Ambiri a msinkhu wanga timachita manyazi kufunsa ana, kuopa kuoneka otsalira. Chikhalirecho ku Library of Birmingham, pa Centenary Square, ndi ku malaibulale a m'madera kuli antchito amene mungawafunse, ndipo mumpingo uliwonse simulephera kukhala mnyamata kapena mtsikana wodziwa zimenezi.

Kufufuza kwake sikutenga nthawi. Pa Windows, dinani kumanja pa fayilo ina ya mu Documents, sankhani Properties, muwerenge adiresi. Ngati muli mawu akuti OneDrive, foda inasamuka. Kamtambo ka pansi pafupi ndi wotchi kali ndi Settings, ndipo pa Manage backup mudzaona mafoda amene akukwera. Musathamangire kuzimitsa. Yambani mwasankha Always keep on this device kuti zonse zitsike, kenako koperani pa flashi kapena pa hard drive yapadera, mutsegule mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti alimo ndithu. Mafayilo a Outlook ndi a maakaunti apatseni foda yawoyawo kunja kwa Documents, n'kuuza pulogalamuyo adiresi yatsopano.

Za gulu zikhale pa akaunti ya gulu, osati ya munthu mmodzi, ndipo anthu awiri kapena atatu adziwe kalowedwe kake. A msungichuma akamatula udindo, apereke kope la pa flashi pamaso pa komiti, fayiloyo itsegulidwe pomwepo, mayina ndi ndalama ziwerengedwe onse akumva, zilembedwe m'maminitsi kuti mndandanda weniweni ndi uti.