KODI WAPOLISI AKHALE PA SUKULU?

Pali funso limene lavuta anthu a ku America zaka zambiri, ndipo mpaka lero sanamvane pa yankho lake. Funsolo ndi ili: kodi n'koyenera kuti wapolisi azikhala pa sukulu ya sekondale tsiku ndi tsiku, ali ndi unyolo ndi mfuti m'chiuno, kuyang'anira anyamata ndi atsikana? Ena ati inde, pakuti pamene pali wapolisi pali mtendere. Ena ati iyayi, pakuti olipira mtengo wa mtenderewo ndiwo ana a anthu osauka. Nkhaniyi njakutali, koma m'kati mwake muli funso lina limene likhudza kholo lililonse ndi mphunzitsi aliyense: mwana akalakwa, woyenera kumweruza ndani? Tiyeni, owerenga anzanga, tione poyamba mbiri ya mwambowu, kenaka zipatso zake, ndipo potsiriza tiyese pamodzi chimene chili cholungama.

Mmene Zinayambira

Mwambo woika wapolisi pa sukulu unayamba m'zaka za m'ma 1950 mu mzinda wa Flint, m'chigawo cha Michigan. Cholinga chake chinali chokoma. Akuluakulu anafuna kuti ana azolowerane ndi apolisi, aleke kuwathawa, ndipo wapolisi akhale kwa iwo ngati mlangizi. Kwa nthawi yaitali sukulu zotere zinali zowerengeka.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990, pamene mantha a mfuti anagwira dziko lonselo. Mu 1994 boma linaika lamulo lakuti mwana wobwera ndi mfuti pa sukulu achotsedwe chaka chathunthu, ndipo sukulu zambiri zinawonjezapo malamulo awo ouma okhudza ndi zolakwa zazing'ono zomwe. Tsono pa 20 April 1999 anyamata awiri a pa sukulu ya Columbine, m'chigawo cha Colorado, analowa ndi mfuti, napha tsiku lomwelo ana anzawo 12 ndi mphunzitsi mmodzi. Makolo onse anagwidwa nthumanzi. Kuyambira chaka chimenecho kufikira 2005 boma lalikulu linatulutsa ndalama zoposa madola 750 miliyoni zolembera apolisi a pa sukulu oposa 6,500. Motero chinthu chimene kale chinali chachilendo chinasanduka chozolowereka.

Mawu a Ovomereza

Tisafulumire kunyoza anthu amene anapempha apolisiwo. Kholo limene latumiza mwana ku sukulu m'mawa lifuna kuti madzulo abwereko wamoyo, ndipo palibe anganene kuti kholo lotere lalakwa. Mphunzitsi sangaphunzitse pamene akuopa mpeni. Ndiponso mayi wina wophunzira kwambiri, Lucy Sorensen, pamodzi ndi anzake, anafufuza sukulu zambiri za dziko lonselo, ndipo zimene anasindikiza mu 2023 zinaonetsa kuti pamene pali wapolisi ndewu zina zimachepadi. Chimenechi n'chabwino, ndipo tiyenera kuchivomera.

Komatu ofufuza omwewo anapeza kuti wapolisi saletsa zoopsa za mfuti, zimene anthu anamuitanira poyamba. Pa sukulu ya Columbine panali kale wapolisi wa mfuti tsiku la maliro lija. Mu 2018 anthu 17 anaphedwa pa sukulu ina ku Parkland, m'chigawo cha Florida, wapolisi wa pa sukuluyo ataima kunja kwa nyumba. Anapezanso kuti pamene pali wapolisi, ana obwezedwa kunyumba, ochotsedwa sukulu ndi omangidwa amachuluka, makamaka ana akuda, anyamata, ndi ana olumala. Nanga zimenezi zimachitika bwanji?

Kupulupudza ndi Upandu

Pali zinthu ziwiri zimene makolo athu sanazisokoneze, ndizo kupulupudza ndi upandu. Mnyamata woyankha mwamwano, wochedwa, wokankhana ndi mnzake pa mpira, ameneyo wapulupudza. Munthu wobwera ndi chida kuti aphe mnzake, ameneyo wachita upandu. Zonse ziwiri n'zoipa, koma mankhwala ake ngosiyana. Kupulupudza ndi matenda a ubwana, ndipo aliyense wa ife anadwalapo. Mankhwala ake ndi chilangizo, chidzudzulo ndi chilango chimene chikatha chatha. Upandu ndiwo wofuna bwalo la milandu.

Mphunzitsi anaphunzira kuona mwana ngati munthu amene akali kukula. Akaona cholakwa amafunsa kuti, "Mwanayu chamuvuta n'chiyani, ndipo ndimuwongole bwanji?" Wapolisi anaphunzira ntchito ina. Akaona cholakwa amafunsa kuti, "Lamulo lathyoledwa ndi liti, ndipo walithyola ndani?" Ntchito yake njofunika, ndipo apolisi ambiri a pa sukulu ndi anthu okoma mtima. Koma chida chilichonse chili ndi malo ake. Nkhwangwa njabwino pogwetsa mtengo, koma palibe mlimi wanzeru amene amasadzira mbande ndi nkhwangwa. Tsoka lake n'lakuti nkhwangwa ikakhala pafupi, dzanja lotopa limaigwira msanga. Mphunzitsi amene ali ndi ana ambiri, mtima utamuwawa, saitananso kholo. Amangoitana wapolisi amene ali pakhomo pomwepo.

Taonani zimene zinachitika mu October 2015 pa sukulu ya Spring Valley, m'chigawo cha South Carolina. Mtsikana wa zaka 16 anatulutsa foni m'kalasi, ndipo atauzidwa kuti atuluke anakana. Kumeneku kunali kupulupudza kwenikweni. Koma anaitana wapolisi wa pa sukulu, ndipo iye anam'gubuduza mtsikanayo pamodzi ndi desiki yake, nam'koka pansi, nam'manga. Anzake anajambula zonsezo, dziko lonse linaona, ndipo wapolisiyo anachotsedwa ntchito. Komabe mtsikanayo, pamodzi ndi mnzake amene anamulankhulira, anaimbidwa mlandu wa kusokoneza sukulu. Milanduyo inathetsedwa mu 2016, ndipo mu 2018 chigawocho chinasintha lamulolo kuti lisamagwire ana a pa sukulu yawo yomwe. Koma ndi angati amene zotere zinawagwera popanda wojambula?

Katunduyu Amagwera Yani?

Boma la America limawerenga ana amene sukulu zimawapereka kwa apolisi. M'chaka cha sukulu cha 2015 mpaka 2016 ana otere anali pafupifupi 290,000. Mwa ana 100 alionse a m'sukulu, akuda anali 15. Koma mwa ana 100 alionse operekedwa kwa apolisi kapena omangidwa, akuda anali 31. Ana olumala m'thupi kapena ovutika pophunzira anali 12 mwa 100 a m'sukulu, koma 28 mwa 100 operekedwa kwa apolisi. Kodi tinene kuti ana amenewa anabadwa oipa kuposa anzawo? Iyayi ndithu. Zifukwa zake zilipo, ndipo n'zosabisika.

Choyamba, diso la munthu silimayang'ana onse mofanana. Dziko limene linasunga akuda mu ukapolo, nawapatula m'sukulu mwa lamulo kufikira 1954, silinathe kutsuka maso ake tsiku limodzi. Mawu amene mwa mwana wina amayesedwa nthabwala, mwa mnzake amayesedwa chiopsezo.

Chachiwiri, mwana wa wolemera ali ndi omuimirira. Atate wake amafika pa galimoto nthawi yomweyo, amadziwa mawu oyenera kunena, ndipo akafuna amalemba loya. Mayi wosauka wolipidwa pa ola akachoka pa ntchito ataya chakudya cha tsikulo, ndipo mwina ataya ntchito yomwe. Motero ana awiri olakwa chimodzimodzi, wina abwerera m'kalasi mawa, wina apita ku bwalo.

Chachitatu, mwana wa m'nyumba ya mavuto amafika pa sukulu atasenza kale katundu: njala, tulo tosakwanira, maliro, ndewu za akulu. Chimene asowa ndi munthu wom'funsa ndi kum'mvera. Koma bungwe loteteza ufulu wa anthu lotchedwa ACLU linaonetsa mu 2019 kuti ana 1.7 miliyoni anali m'sukulu zokhala ndi wapolisi koma zopanda mlangizi ngakhale mmodzi. Ndalama ya unyolo inapezeka, ya khutu lomvera inasowa.

Ndipo kumbukirani mawu a akulu akuti mlandu suwola. Chilango cha mphunzitsi chimathera pa sukulu, koma dzina lolembedwa m'buku la apolisi lingathe kum'tsata munthu pofuna ntchito, pofuna nyumba, pofuna malo ku koleji. Mwana wobwezedwa kunyumba amatsalira pa maphunziro, wotsalira amachita manyazi, wamanyazi amaleka sukulu. Mayi wina, Emily Weisburst, anafufuza ana oposa 2.5 miliyoni a m'chigawo cha Texas, ndipo mu 2019 anaonetsa kuti kumene kunafika ndalama za boma zolembera apolisi, zilango zinachuluka makamaka pa ana osauka ndi akuda, ndipo otsiriza sekondale ndi olowa koleji anachepa.

Ambiri ndi Owerengeka

Apa ndipo pagona funso lovuta koposa. Mu mzinda wa Toronto, ku Canada, apolisi analowa m'sukulu mu 2008, mnyamata wa zaka 15 atawomberedwa pa sukulu chaka cham'mbuyo. Mu 2017 bungwe loyang'anira sukulu linafunsa ana oposa 15,000 maganizo awo. Oposa theka anati wapolisi akakhalapo mtima umakhala pansi. Koma pafupifupi 2,000 anati amamva ngati akulondedwa pa sukulu yawo yomwe. Bungwelo linamvera owerengekawo, ndipo mu November chaka chomwecho linathetsa mwambowo.

Kodi linachita bwino? Wina anganene kuti pamene ambiri avomera, owerengeka agonje, pakuti ndimo timachitira pa msonkhano wa m'mudzi. Inde, posankha tsiku lokonza mlatho titero. Koma pali nkhani zina zimene sitiwerenga manja okha. Tiyesanso kulemera kwa chimene aliyense apindula kapena ataya. Mudzi ukagwirizana kuti njira yatsopano idutse m'munda wa mkazi wamasiye, ambiri afupikitsa ulendo, koma iye ataya nsima ya ana ake. Kuchuluka kwa okondwa sikusandutsa chinthucho kukhala cholungama. Sukulu inamangidwa kuti ikweze mwana amene alibe makwerero ena. Ikakhala khomo lolowera ku ndende kwa mwana yemweyo, yataya ntchito imene inamangidwira, ngakhale ena onse akhale okondwa.

Komabe tisaiwale mbali inayo. Ana osauka omwewo ndiwo amene kawirikawiri amakhala kumalo a chiwawa, ndipo iwonso afuna chitetezo. Mzinda wa Denver unaganiza mu 2020 zochotsa apolisi m'sukulu zake, koma mu 2023, mwana wa sukulu atawombera akuluakulu awiri a pa sukulu ya East High, unawabwezeranso. Kuchotsa mlonda popanda kuikapo china sikuthetsa mantha a makolo.

Njira Yanzeru

Malo ena anapeza njira imene ine ndiyesa yolungama. Ku Clayton County, m'chigawo cha Georgia, ana operekedwa ku bwalo ndi sukulu anafika poposa 1,000 pa chaka, ambiri pa zifukwa zazing'ono. Woweruza wa bwalo la ana, Steven Teske, anasonkhanitsa apolisi ndi akuluakulu a sukulu, ndipo pofika 2004 anapangana pangano lolembedwa. Pa zolakwa zazing'ono monga ndewu wamba ndi phokoso, ulendo woyamba mwana ndi kholo achenjezedwe, wachiwiri mwana apite ku maphunziro a kuthetsa mikangano, ndipo wachitatu ndiwo wa ku bwalo. Milandu yochokera ku sukulu inatsika kuposa theka.

Ku Philadelphia, mu 2014, mkulu wina wa apolisi, Kevin Bethel, anayambitsa dongosolo lakuti mwana wolakwa koyamba pa kanthu kakang'ono asamangidwe, koma wantchito wothandiza mabanja apite kwawo kukaona chimene chikum'vuta. Chaka chisanayambe dongosololi ana omangidwa m'sukulu anali 1,580. Patapita zaka zisanu anali osafika 300. Zindikirani kuti nzeru imeneyi inachokera kwa wapolisi. Motero nkhani si yakuti apolisi ngoipa, koma yakuti anapatsidwa ntchito imene si yawo.

Tsono yankho langa ndi ili. Wapolisi akhale woteteza ana ku zoopsa zenizeni, asakhale ndodo ya mphunzitsi. Malire a ntchito yake alembedwe poyera, kuti kholo lililonse liwadziwe. Asanalembedwe wapolisi, ayambe walembedwa mlangizi. Ndipo poyesa ngati dongosolo lotere lili bwino, tisafunse mwana wa mfumu. Tifunse mwana wamasiye wokhala kumbuyo kwa kalasi, pakuti chingwe chimadukira poonda.

Kuno kwathu sitinazolowere kuona wapolisi atakhala pa sukulu tsiku lonse, koma funso la kupulupudza ndi upandu limafika pa komiti ya sukulu iliyonse. Lamulo la Malawi la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limalola kuti mwana wolakwa pa zinthu zazing'ono awongoledwe popanda kuzengedwa mlandu ngati wamkulu. Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu mudziwa kuwawa kwa kutsekeredwa khomo la sukulu mukali ana. Chifukwa chake tsiku limene mudzakhala pa msonkhano wa makolo, mukadzamva mawu akuti, "Mwanayu tim'pereke ku polisi," mudzafunse mofatsa kuti, "Kodi wachita upandu, kapena wapulupudza? Nanga akanakhala mwana wa munthu wolemera, tikanatero?" Mwana wa mnzako ngwako yemwe.